Vinyo ndi Lilime Lathu

Kuno ku Angónia sitilima mphesa za vinyo. Timalima cimanga, nyemba, mbatata ya kacewere ndi mapicesi, ndipo ku Tsangano kuli tirigu. Mphesa zimafuna nyengo youma pamene zikupsa. Kwathu mvula imagwa m'nyengo yotentha, ndipo zipatso zanthete zotere zimaola msanga. Conco vinyo amene timamuona m'masitolo a ku Ulongwe amacokera kutali, makamaka ku Portugal ndi ku África do Sul.

Ambiri a ife tinayamba kuona vinyo m'manja mwa ansembe pa Misa, ku Lifidzi kapena ku Fonte Boa. Kulawa tinamulawa titakula, pa ukwati kapena pa phwando. Tinene zoona, abambo ndi amai: tsiku loyamba vinyo sakoma. Amawawasa, ndipo wofiira amaumitsa m'kamwa ngati nthoci yosapsa. Koma anthu ambiri amangogwedeza mutu ndi kunena kuti ngwabwino. Amaopa kuoneka acimidzi.

Kodi kuuma kumeneku kumacokera kuti? Opanga vinyo amafinya mphesa ndi kusiya madzi ake kuti awire. Shuga wa m'mphesa amasanduka mowa, monga momwe cimera cimacitira mu mtsuko wa masese. Popanga vinyo wofiira amasiya makungu ndi njere m'madzimo. Makunguwo ndiwo amapereka mtundu wofiira ndi kuuma kuja. Popanga woyera amacotsa makungu msanga.

Lilime la munthu limaphunzira. Mwana amakana luni cifukwa ngwowawa, koma agogo ake amamufuna. Mwana amalira ndi tsabola, koma bambo ake sadya nsima popanda tsabola. Masese nawonso sakoma tsiku loyamba. Mwana wa ku Portugal amakwinya nkhope akalawa vinyo, monga momwe ife tinacitira. Amadzamukonda cifukwa amamuona pa tebulo tsiku ndi tsiku. Motero kukonda vinyo si nzeru, ndiponso si ulemu. Ndi cizolowezi cabe.

Nanga ndani anatiphunzitsa kuti cakumwa ca mphesa cimaposa cathu? Pa nthawi ya atsamunda, Portugal anali ndi vinyo wambiri wosowa omugula. Msika anaupeza m'maiko amene ankawalamulira. Mu 1902 anakhazikitsa lamulo loletsa kucheza mowa kumwera kwa mtsinje wa Save, kuti anthu azigula vinyo wa ku Portugal m'makantina. Amuna obwera ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni ankazisiya kumeneko. Vinyo amene ankatumizira anthu akuda anali wotsika, woonjezeramo mowa waukali, ndipo eni makantina ena ankathiramonso madzi. Anali ndi dzina lake: vinho para o preto, kutanthauza vinyo wa munthu wakuda. Mu 1973 wolemba mbiri José Capela anatulutsa buku la mutu womwewo, lofotokoza malonda amenewa.

Ku África do Sul vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape mu 1659. Kumeneko eni minda ya mphesa ankalipira anchito ao gawo la malipiro ndi vinyo wotsika. Lamulo linaletsa zimenezi m'zaka za m'ma 1960, koma m'minda ina zinapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1990. Mabanja ambiri anaonongeka.

Apa tikuona kuti dzina la mphesa silitsimikiza ubwino. Vinyo wabwino alipo, woipa aliponso, monga momwe ziliri ndi masese. Tonse timadziwa mai wa m'mudzi mwathu amene mowa wake umatha dzuwa lisanapendeke, ndi wina amene mowa wake umagona. Kusiyana kuli pa cimera cabwino, ziwiya zoyera ndi kudikira masiku okwanira. Kwa vinyo ndi cimodzimodzi: mphesa zakupsa bwino, ukhondo ndi kuleza mtima. Botolo lokongola silinena kanthu. Cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

Ife amene tikuphunzira kuwerenga tiri ndi cida cimene makolo athu analibe m'kantina. Tikhoza kuwerenga pepala la pa botolo. Mau akuti tinto atanthauza wofiira, branco woyera. Seco ndi wosatsekemera, doce ndi wotsekemera. Pamakhala dzina la dziko ndi cigawo kumene mphesa zinalimidwa, monga Douro kapena Minho ku Portugal. Pamakhalanso nambala ya mphamvu. Tikaona 12%, ndiye kuti pa magawo 100 ali onse, magawo 12 ndi mowa weniweni. Vinyo wamba amakhala pakati pa 11 ndi 14. Vinyo wa Porto amafika pafupi ndi 20, cifukwa amathiramo mowa wocheza. Mphuno nayonso imathandiza. Vinyo akamanunkha ngati viniga, ndiye kuti mpweya unalowa ndipo waonongeka, ngakhale mtengo wake ukhale waukulu.

Palinso mowa waukali wa mphesa. Akacheza vinyo pamoto amapeza brandy. Akacheza makungu otsala pofinya amapeza bagaço. Mphamvu yake imakhala pafupi ndi 40, ndiye kuti kapu imodzi imaposa makapu atatu a vinyo. Nchito yake ndi yomweyo ya kacasu wathu wa gaga ndi shuga, kapena wa masau wa kumunsi ku Tete: moto, nthunzi, mpope ndi madzi ozizira. Koma pali kusiyana kumodzi kofunika. Ocheza brandy wabwino amataya madontho oyamba, cifukwa ali ndi zinthu zoipa zopweteka thupi. Amapatulanso otsiriza, ndi kusunga a pakati okha. Kenaka amaika mowawo m'migolo ya matabwa kwa zaka, kuti ukali wake ufewe. Kwathu botolo loyamba, lija timati mutu, ndilo anthu amalimbirana. Lilime lathu linazolowera kuyesa ubwino ndi kuocha kwa pakhosi. Cimeneco ndi cizolowezi cofunika kucisiya.

Tisaiwale kuti mowa ndi mowa. Wa mphesa ndi wa gaga onse amaledzeretsa, ndipo onse amaononga ciwindi ca womwa mosayeza. Mai woyembekezera asamwe uli wonse, cifukwa umapweteka mwana m'mimba.

Nthawi yokolola mbatata ndalama zimalowa m'midzi mwathu. Ndiyo nthawi imene timaona amuna akugula botolo la kunja kuti anzao awaone. Amamwa cinthu cimene sacimva kukoma, ndi ndalama zimene zikanagula feteleza kapena makope a ana. Amene amakondadi vinyo amwe pang'ono pamodzi ndi cakudya, monga acitira eni ake. Amene samukonda anene poyera kuti sindimukonda, ndipo apemphe thobwa. Palibe manyazi pamenepo. Atsamunda anatiuza zoti tizikonda kuti adye ndalama zathu. Lero tiwerenge botolo tokha, tifunse lilime lathu, ndipo tiyambe taona m'thumba.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ciani vinyo wofiira amaumitsa m'kamwa?
2. Kodi nambala ya 12% pa botolo itanthauza ciani?
3. Ndi zakudya ziti zimene munkazikana muli mwana koma lero mumazikonda?