Za Pampu Yofooka ndi Madzi Oima

Dziko lathu liribe nyanja ya mcere, ndipo ambiri a ife sitinaonepo korali ndi maso. Wofuna kumuona kwao ayenera kutsikira ku gombe la Mozambique, ku zisumbu za Bazaruto kapena za Quirimbas. Komatu muno m'Lilongwe alipo anthu owerengeka amene asunga kacigawo ka nyanjayo m'thanki la galasi. Ndipo limodzi la matanki otere, limene liri m'nyumba ina ya malonda ku Area 4, ndilisamala ndine. Ndifuna kukuuzani cimene nchito imeneyi yandiphunzitsa.

Korali aoneka ngati mwala kapena duwa, koma ndi kanyama. Sakhoza kucoka pamene wamera kuti akafune cakudya. Madzi ndiwo amtengera cakudya ndi mpweya, namcotsera zonyansa zace. M'nyanja yaikuru mafunde agwira nchito imeneyi usana ndi usiku. M'thanki mulibe mafunde, ndico cifukwa cace tiikamo pampu, kuti madzi onse azungulire kakhumi pa ola limodzi, kapena kuposerapo. Madzi akaima, ndere zimera pa korali, iye nafota, ndipo nsomba zikwera pamwamba, ziri yasa kukamwa, kufuna mpweya.

Tsono pampu siifa tsiku limodzi kawirikawiri iai. Ifooka pang'ono pang'ono, iri cilirire monga kale, kotero kuti wodutsa ayesa kuti zonse ziri bwino. Ine ndiizindikira poyang'ana pamwamba pa madzi: akakhala bata ngati kalirole, ndidziwa kuti mphamvu yacepa. Tsiku lina mwini thanki anaona cimeneci, nati tiitanitse pampu yatsopano ku Johannesburg. Ndinati kwa iwo, "Bwana, katundu wa ku Johannesburg afika patapita masabata, koma korali sayembekeza masabata. Ndiloleni ndiyambe ndaitsegula." Anabvomera, ndipo madzulo omwewo madzi anayendanso ndi mphamvu, osagula kanthu koma botolo la viniga.

Macitidwe ace ndi awa. Poyamba ndizima magetsi ndi kusolola pulagi, pakuti madzi a m'nyanja, okhala ndi magalamu ngati 35 a mcere pa lita imodzi, atenga magetsi msanga koposa madzi a pa citsime, ndipo munthu angafe nazo. Pamenepo ndiyang'ana kasefa kamene kali pakhomo polowera madzi, pakuti ndere, mcenga kapena kankhono kamodzi kokha zikhoza kutseka njira. Ndikatha apo nditsegula pampu. M'kati mwace muli kagudumu ka mapiko, kolumikizika ku maginito, kozungulira pa kamtengo koonda. Apa ndipo pabisala bvuto lalikuru. Korali amanga mafupa ace ndi njereza ya m'madzi, ndipo ife tiwonjezamo njerezayo kuti akule. Koma njereza yomweyo imatirira pa maginito pamene pali pofunda, niuma ngati cikhungwa, mpaka kagudumu kalephera kuzungulira bwino. Ndikabviika m'viniga wosanganiza ndi madzi maola angapo, ndi kukatsuka ndi mswaci wakale, ndi kukatsukuluza ndi madzi oyera. Kamtengo kaja kakadyeka kapena kuthyoka, ndisintha ikoko kokha. Potsiriza ndiona ngati paipi yapindika, kapena ngati mpweya watsekeredwa m'kati. Ndikaipendeketsa pampu pansi pa madzi, mpweyawo uturuka.

Pampu yakuda iri ndi coipa cina: magetsi akazima ndi kubweranso, kawirikawiri siidzuka yokha. Tinaciona cimeneci m'caka ca 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri. Pampu yoyera inadzuka nthawi zonse. Yakuda inangong'ung'udza, madzi ali ciimire. Cifukwa ca ici nditsuka mapampu mwezi ndi mwezi, ngakhale aoneke olimba, ndipo ndisunga kapampu ka mpweya koyendera mabatire.

Mau omwewa akhudzanso inu amene musunga mbuna za m'nyanja yathu, zonga zija za ku Cape Maclear, kumene nsomba zichinjirizidwa m'paki ya Nyanja ya Malawi kuyambira 1980. Mbuna zikhala pa miyala pamene mafunde aomba, ndipo zizolowera madzi a mpweya wambiri. Cenjerani makamaka m'mwezi wa October, pakuti madzi ofunda asunga mpweya wocepa, ndipo pampu yofooka imene inakwanira m'June siikwaniranso.

Ndikamatsuka kagudumu kaja ndiganizira za mabanja athu. Sindinaone banja limene linaleka kupemphera tsiku limodzi. Lero atate acedwa ku nchito, mawa amai atopa, mkuja ana agona asanacite cizindikiro ca mtanda. Kamau kowawa kakhala kosakhululukidwa, kena nikamera pamwamba pace. Kunja zonse zioneka bwino, pakuti pa Mulungu tiri m'chalichi tonse. Koma m'nyumba madzi aima, ndipo oyamba kufota ndiwo ana, amene sakhoza kucoka kukafuna cakudya ca mtima kwina. Ena pamenepo ayesa kuti cofunika ndi cinthu catsopano: mpingo wina, ngakhale banja lina. Koma kawirikawiri cofunika ndico kutsegula ndi kutsuka.

October yemweyo ndiye mwezi wa Korona. Atate ndi amai, sonkhanitsani ana madzulo, ngakhale pa khumi limodzi lokha. Pitani ku Kulapa musanayambe kumva kulema. Pepesanani dzuwa lisanalowe. Maria Woyera, Amai athu, atipempherere, kuti caulere ca Mulungu cisaime m'nyumba zathu.