Usiku Umene Fulu Wathu Anagona ku Bundabunda

Ana a m'banja mwathu anaitcha dzina loti Fulu, chifukwa monga fulu imayenda itasenza nyumba yake. Kale inali basi yaing'ono ya dizilo yonyamula anthu, kufikira pamene mlamu wathu, yemwe ndi kalipentala, anaigula. Anachotsamo mipando n'kuikamo mabedi awiri, kabati, chitofu cha gasi, kafiriji ndi thanki ya madzi ya malita 100. Alendo ochokera ku South Africa ndi ku Ulaya amene timawaona akupita kukaona nyama ku South Luangwa amakhala ndi zawo zopangidwa kufakitale, zomwe amazitcha motorhome. Yathu inapangidwira kuseri kwa nyumba mu Lusaka, koma tinkainyadira chimodzimodzi.

Mu Okutobala wa 2023 tinanyamuka nayo ulendo wa ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kukakhala nawo pa ukwati wa mdzukulu wathu. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo wamkulu pa onse anali Ambuya, amene akhala akudwala matenda a shuga kwa zaka zambiri. Mankhwala awo a insulin, okwanira mwezi wathunthu, tinawaika m'kafiriji kaja. Tinasankha Fulu makamaka chifukwa cha iwo, poti m'basi ya anthu onse sakanatha kugona akatopa.

Tiyenera kuulula pano, owerenga athu, kuti Fulu anatichenjeza. Kwa milungu itatu, m'mawa uliwonse tikaliza injini, kunkamveka kulira kwa tswii ngati kwa mbewa yogwidwa pa msampha, ndipo pakapita kamphindi kunkaleka. Popeza kunkaleka, tinkati ndi kuzizira kwa m'mawa chabe. Tinatsuka makatani, tinapukuta mawindo, tinagula mbale zatsopano. Mbali ya nyumba tinaisamala bwino lomwe, koma mbali ya galimoto sitinaiyang'ane.

Msewu wa Great East Road ukangotuluka mu Lusaka umayamba mokoma. Tauni ya Chongwe, yomwe ili pa makilomita pafupifupi 45, tinaidutsa dzuwa lili pamutu, chifukwa tinachedwa kulongedza. Dziko lonseli ndi la Asoli, amene ndiwo eni nthaka imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo. Kupitirira Chongwe nyumba zimayamba kutalikirana, minda ya chimanga yowuma imasinthana ndi nkhalango ya miombo, ndipo m'mbali mwa msewu mumaima matumba a makala akudikira magalimoto a m'tauni. Uku ndiye kwa mfumu Bundabunda. Dera lonse la kum'mawa kuno linali pansi pa boma la Chongwe mpaka pamene Rufunsa inapatsidwa boma lakelake m'nthawi ya pulezidenti Michael Sata.

Tikuyandikira Chinyunyu, kumene kuli akasupe a madzi otentha, pansi pa galimoto panamveka phaa, ngati wina wamenya chitseko ndi chikoti. Nthawi yomweyo kanyale kofiira ka chizindikiro cha batire kanayaka. Pasanathe mphindi ziwiri muvi wosonyeza kutentha kwa injini unayamba kukwera. Mwana wathu wamwamuna, yemwe ankayendetsa, anaponda buleki kawiri katatu kuti apatuke, ndipo anadabwa kuona kuti yayamba kulimba ngati akuponda mwala. Mwamwayi malo ake anali athyathyathya. Tinaima kunja kwa phula, tinazimitsa injini, n'kuika zizindikiro zofiira za makona atatu kutsogolo ndi kumbuyo, pamodzi ndi nthambi za masamba monga achitira oyendetsa mathiraki.

Mwana wathuyo anatsegula pa injini, nakulunga nsanza kudzanja kuti atsegule chivundikiro cha redieta. Pomwepo tinamva mawu kumbuyo kwathu.

"Iyayi, bambo, chotsani dzanja! Kodi mufuna mukafike ku ukwati opanda nkhope?"

Anali mkulu wina woyera ndi ufa kumutu ndi m'nsidze, mwini chigayo cha pafupi pomwepo. Ana athu anali atamuuza kale za ulendo wathu. Anatifotokozera kuti madzi a m'redieta yotentha amakhala opanikizika, ndipo amatentha kuposa madzi owira m'poto. Ukangotsegula, amatumphuka ngati kasupe n'kukuwaula. Anatiletsanso kuthira madzi ozizira pa injini, poti chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimatha kung'aluka kapena kupindika. Tinakhala pansi pa mtengo kupitirira theka la ola, tikudya nthochi, kudikira kuti Fulu apume.

Injini itazizira, mkuluyo anapisa dzanja natulutsa lamba woduka, wonyezimira m'mbali ngati wapakidwa mafuta. Ife tinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, kugula lamba wina basi. Iye anapukusa mutu.

"Lamba saduka yekha, amayi. Tifune chimene chamudya, apo ayi watsopanoyo adukanso musanafike ku Nyimba."

Anagwedeza alternator, makina aja odzaza batire, ndipo tonse tinaona kuti ikusewera. Bawuti yoikoka kuti lamba akungike inali itagwa kalekale. Lamba wolefuka ankaterereka, n'kumatentha, n'kumadyeka, ndipo kulira kuja kwa m'mawa kunali kutererekako. Mkuluyo amagwira ntchito ndi injini ya dizilo ndi malamba tsiku lililonse pa chigayo chake, choncho anatiwerengera ndi zala ntchito za lamba mmodziyo pa injini yathu. Amazunguza pampu yoyendetsa madzi ndi chokupizira mphepo, ndiye chifukwa chake injini inatentha. Amazunguza alternator, ndiye chifukwa chake kanyale ka batire kanayaka. Ndipo kumbuyo kwa alternator yathu kuli kapampu kena kothandiza mabuleki kuti azifewa, monga zilili pa injini zambiri zakale za dizilo. Lamba ataduka, kapampuko kanaima.

Atanena zimenezi analoza kum'mawa, ndipo tonse tinakhala chete. Kutsogolo kwathu, kupitirira Rufunsa, kunali mapiri a Manenekela, kumene msewu umakhotakhota m'mphepete mwa maphompho usanatsikire ku chigwa cha Luangwa. Aliyense woyenda msewu umenewu amadziwa mbiri ya malowo. Lamba uja akanapirira ola lina limodzi, tikanamva buleki yolimbayo tili pa mtsetse, ndi Ambuya ali chigonere kumbuyo.

Dzuwa linali litapendeka. Mnyamata wa pachigayo analemba nambala ya lamba pa chikhatho, natenga lamba wodukayo ngati chitsanzo, n'kukwera minibasi yopita ku Chongwe. Sitolo zikanakhala zitatsekedwa pofika iye, choncho anati agona kwa achibale ake n'kubwera m'mawa.

Apa panabuka vuto lachiwiri, ndipo ndi limene linatisowetsa mtendere. Galimoto yotere imakhala ndi mabatire awiri, wina wolizira injini, wina wa m'nyumba woyatsa magetsi ndi firiji. Pakati pawo pamayenera kukhala kachipangizo kowalekanitsa injini ikazima, kuti firiji isadye moto wolizira injini. Mwa Fulu munalibe kachipangizoko, mabatire anali olumikizidwa ndi waya chabe. Komanso chifukwa cha lamba wotererekayo, onse awiri sanali odzaza bwino. Tikanasiya firiji ikuyaka usiku wonse, m'mawa injini sikanalira. Tikanaizimitsa, mankhwala a Ambuya akanakhala m'kabokosi kotsekeka mkati mwa galimoto yofunda ndi dzuwa la Okutobala. Anamwino anatiuza kale kuti insulin yosungidwa imafuna kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo kuti ngakhale botolo logwiritsa ntchito limapirira kunja kwa firiji kwa milungu ingapo, kutentha kopitirira madigiri 30 kumaipha mphamvu.

Anatithandiza ndi mkazi wa mwini chigayo. Anabwera ndi mtsuko wadothi, nathiramo mchenga, naunyowetsa ndi madzi a pa mjigo. Mabotolo tinawakulunga m'pulasitiki kuti madzi asalowe, ndipo iye anawakwirira mumchengamo, navundikira ndi nsalu yonyowa, n'kuika mtsukowo pakhonde pamene pamapita mphepo.

"Musade nkhawa, Ambuya," anatero atagwada pambali pawo. "Dothi likamatuluka thukuta, mkati mumazizira. Amayi anga tinkawasungira chomwechi."

Tinamasula waya wolumikiza mabatire, firiji inakhala chete, ndipo mitima yathu inatsika.

Sitinagone m'mbali mwa msewu, chifukwa mathiraki a usiku sayang'ana nkhope. Mwini chigayo anatitengera kwa anyakwawa kukapempha malo, monga mwambo ulili, ndipo anyamata asanu ndi atatu anakankha Fulu pang'onopang'ono kufikira pabwalo. Madzulo tinadya nsima ya ndiwo za nkhwani wotendera, tikucheza m'Chinyanja, pamene eni mudzi ankaponyerana nthabwala m'Chisoli. Anatisimbira za mwambo wa Chibwela Kumushi, umene anthu a mfumu Bundabunda amachita pokumbukira kubwerera kumudzi ntchito ya kumunda ikatha. Ana a m'mudzimo analowa mwa Fulu awiriawiri kukaona mpopi wotulutsa madzi m'kati mwa basi.

Pogona, mdzukulu wina anafuna kulowetsa mbaula kuti utsi uthamangitse udzudzu. Tinamuletsa. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo, ndipo galimoto ndi chipinda chaching'ono kuposa zonse. Tinatseka botolo la gasi, tinatsegula mawindo, n'kumanga maneti.

M'bandakucha tinayenda wapansi kukaona akasupe a Chinyunyu. Madzi amatumphuka pansi akufuka nthunzi, otentha moti pa gwero pake sungaikepo dzanja, kenaka amayenderera m'kamfuleni akuzizira pang'onopang'ono. Mwana wathu anaseka nati dzulo lake akanapanga kasupe wotereyu ndi nkhope yake. Anafunanso kutunga madziwo kuti tithire m'redieta, koma mwini chigayo anakana, chifukwa madzi a m'kasupe wotere amakhala ndi mchere wa m'nthaka umene umaundana m'timabowo ta redieta.

Mnyamata uja anafika cha m'ma 9 koloko ndi malamba awiri ndi bawuti, poti tinamutuma kuti agule wina wapadera. Mkuluyo anakoleka lamba, nakoka alternator ndi chitsulo chochotsera tayala, n'kumanga. Anatigwiritsa chala chachikulu pakati pa lamba kuti timve: ukadinikiza, azilowa pafupifupi sentimita imodzi. Wolefuka amaterereka, wokungika kwambiri amadya mabeyaring'i. Tinawonjezera madzi a pa mjigo, ndi lonjezo loti tikafika ku Chipata tikhuthula onse n'kuthira osakaniza ndi mankhwala oteteza dzimbiri. Injini inalira kamodzi. Tinaisiya ikulira kotala la ola, maso ali pa muvi ndi pansi pa galimoto kuona ngati pali chodontha. Panalibe.

Tisananyamuke anatiuza chinthu china chimene sitinachiganizepo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti thanki yathu yodzaza inali ngati matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Theka la madziwo tinathirira mitengo ya mango ya anyakwawa. Matumba olemera amene anali pa denga tinawatsitsira pansi pakati pa matayala, kuti Fulu asamapendame pokhota. Titafuna kulipira, mkuluyo analandira ndalama ya mnyamata yokha. Tinamusiyira shuga ndi mafuta ophikira, ndipo anatiperekeza ndi mawu akuti mlendo ndi mame.

Manenekela tinatsika pa giya yachiwiri, injini ikugwira galimoto, buleki tikungoigusa mwa apo ndi apo kuti isatenthe. Palibe amene anayankhula mpaka tinaona mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa mu 1968, ndi msika wake wa nsomba zouma ndi madengu. Tinafika ku Chipata kutatsala tsiku limodzi kuti ukwati uchitike, ndipo Ambuya anavina nawo, shuga wawo ali bwino.

Chichokereni ulendowo, m'banja mwathu muli lamulo. Kutatsala mlungu umodzi kuti tinyamuke, timayamba ndi pansi pa galimoto tisanakhudze makatani. Timaona malamba ndi mapaipi a madzi, oyilo, mafuta a mabuleki, ndi sefa ya dizilo yomwe timaikhetsa madzi. Mpweya wa matayala timayeza asanayende, ndipo timawerenga manambala anayi a pambali pa tayala, amene amanena mlungu ndi chaka chimene linapangidwa, chifukwa tayala la galimoto yokhalitsa pabwalo limakalamba mapanga ake akadali akuya. Polumikizira gasi timapakapo thovu la sopo, likatupa ndiye kuti pakutuluka mpweya. Mabatire tsopano ali ndi cholekanitsa chawo. M'bokosi mumakhala lamba wapadera, masipanala, jeke yolimba, tochi ndi chozimitsira moto. Dizilo timathira thanki isanafike theka, ndipo usiku sitiyenda.

Kwa inu amene mudzadutse msewu wa kum'mawa, kaya pa galimoto yokhala ndi bedi kaya pa kagalimoto ka banja, tikuti imani pa Chongwe kapena pa Chinyunyu mutsegule pa injini musanakwere mapiri. Ndipo galimoto ikamalira mwachilendo m'mawa, muifunse chimene ikulirira, pakuti safunsa anadya phula. Mtsuko uja mayi wa pachigayo anatipatsa, ndipo mpaka lero umayenda nafe, uli pansi pa bedi la Ambuya.