Kuika malemu pakati pa ana awo

Pa situdiyo yanga ku Kabwata, ntchito imene imandidyetsa ndi yophatikiza zithunzi. Mayi wamasiye amafika ndi kachithunzi ka pa chitupa cha NRC, kokhako kamene amuna awo anasiya, n'kunena kuti, "Bambo, muwaike pakati pa ana awo." Ndimawaikadi, nditawaveka suti ya munthu wina.

Nthawi ya filimu tinkachita zimenezi m'chipinda chamdima. Unkadula katoni motsata mutu ndi mapewa, kuphimba mbali imodzi ya pepala n'kuwalitsa negetivu yoyamba, kenako kuphimba mbali inayo n'kuwalitsa yachiwiri. Katoniyo unkaigwedeza pang'onopang'ono kuti polumikizirapo pasatuluke mzere. Zala zinkanunkha mankhwala mpaka pa nsima.

Anyamata amene ndimawaphunzitsa amayesa luso limeneli linabwera ndi Photoshop. Ayi ndithu. Mu 1857, ku England, Oscar Rejlander anapanga chithunzi cha The Two Ways of Life pophatikiza manegetivu oposa 30, ndipo Mfumukazi Victoria inagula chimodzi. Mu 1858 Henry Peach Robinson anasonkhanitsa asanu n'kutulutsa Fading Away, mtsikana akutsirizika abale ake atamuzinga, moti ena anaipidwa nacho. Amene ndimamuvulira chipewa ndi Gustave Le Gray wa ku France. Iye ankajambula nyanja payokha, mitambo payokha, n'kuziphatikiza, chifukwa manegetivu agalasi a nthawiyo ankati akagwira bwino madzi, thambo linkangoyera mbee.

Chimene chimaulula wosadziwa ntchito ndi mthunzi. Ngati dzuwa lawomba ana kuchokera kumanzere koma bambo awo kumanja, ngakhale agogo osavala magalasi amati, "Iii, koma apa pali china chake." Pafoni aliyense akudula ndi kumata masiku ano, koma mthunzi amauiwala, munthu n'kumaoneka ngati akulendewera m'malere.

Makasitomala nawo amasiyana. Kale mnyamata wa ku Chelstone ankafuna ndimuimike patsogolo pa Findeco House, atumize kwawo ku Chipata, aone kuti tauni yamulandira. A ku Woodlands ndi Kabulonga kawirikawiri amafuna ndichotse munthu pa chithunzi cha ukwati, ndipo sindifunsa chifukwa chake. Kumuchotsa mutu ndi thupi sikuvuta. Limavuta ndi dzanja lake limene latsala paphewa la mkwatibwi, chifukwa diresi yonse pamenepo ndiyenera kuilukanso ndekha. Imeneyo ndimalipiritsa kawiri.