Maluwa a Pachidindo ku Manchester

Za ulendo wochoka pabwalo la ndege la Kamuzu, kudikira ku Addis Ababa ndi kutera ku Manchester m'mawa kukuzizira, sindichulutsa gaga m'diwa. Aliyense amene ali ndi mwana wogwira ntchito m'zipatala za ku Britain anazimva kale. Ndinapita kukaona mwana wanga wamkazi, yemwe ndi namwino, ndipo ulendowu unagwera mwezi wa Marichi, pomwe mdzukulu wanga amakwanitsa zaka 10.

Chimene chinandiwawa kumeneko ndi mtengo wa khadi. Ndinalowa m'sitolo ina kuti ndimugulire mwanayo khadi ya tsiku lobadwa. Makhadi anali khoma lonse: ochokera kwa agogo, kwa azakhali, kwa anzake a kusukulu, ena mpaka ochokera kwa galu wa pakhomo. Imene ndinaikonda inali mapaundi 4, ndalama yoposa K8,000. Kapepala kopinda pakati, mawu ake olembedwa ndi munthu amene sanamuonepo mdzukulu wanga! Ndinaibwezera pomwe ndinaitenga. Si kuumira ayi. Mtima wanga unakana kuti mafuno abwino a agogo akhale ogula kale kale ngati mchere wa m'paketi.

Nditafika kunyumba ndikudandaula, mwana wanga anaseka. "Amayi, musavutike. Lachinayi m'holo ya kutchalitchi kumakumana amayi opanga okha makhadi. Ndikakusiyani popita kuntchito."

Tsiku limenelo ndilo ndalembera nkhaniyi. Patebulo panali zidindo zodzaza mabokosi, zina za mphira yofiira yomatidwa pakathabwa, zina zoonekera mkati zomwe amazimata pagalasi lapulasitiki kuti uziona pomwe ukudinda. Kwathu chidindo ndi cha amfumu, cha kwa DC, cha kubanki, ndipo timachidikira titagwira chipewa m'manja. Apa chilichonse chinali duwa, tsamba kapena gulugufe.

Mayi wina wachikulire, wa tsitsi loyera mbuu, anandikhazika pambali pake. Anatenga pepala lolimba la A4, nalidula pakati, theka limodzi nalipinda bwinobwino kuti lilowe mu envulopu yaing'ono. Atamva kuti mwanayo ndi wa Marichi, anandisankhira duwa la daffodil, lachikasu lija lomwe linali litachita maluwa m'mbali mwa misewu ndi m'mapaki monse, chifukwa kumeneko mwezi uliwonse uli ndi duwa lake. Anandiphunzitsa kuti chidindo sachikanikiza pa inki, amangochigunditsa pang'onopang'ono mpaka mizere yonse inyowe. Pofika papepala uchitsitse chowongoka, upanikize ndi zala paliponse, osachigwedeza, kenako uchinyamule chowongoka momwemo. Ukadindanso osabwerera ku inki, limatuluka duwa lofuwira looneka ngati lili patali, kumbuyo kwa linzake.

Nzeru imene inandigometsa ndi yophimba. Umadinda duwa lomwelo pakapepala kena, n'kulidula motsatira m'mphepete mwake, n'kuliika pamwamba pa duwa la pakhadi. Ukadinda masamba pamenepo n'kuchotsa kapepala kaja, masamba amaoneka akutulukira kuseri kwa duwa, popanda mzere wodutsa pamwamba pake. Ndinaomba m'manja, amayi onse anatembenuka n'kuseka nane.

Mawu a tsiku lobadwa tinawadinda ndi inki yochedwa kuuma, tinawaza ufa wagolide, wotsala tinaukutumulira m'botolo lake, kenako tinauzira ndi kamakina kotulutsa mpweya wotentha. Ufawo unasungunuka ndikuona, zilembo zinatukumuka n'kuyamba kunyezimira. M'kati ndinalemba ndekha m'Chichewa, kuti mwanayo akakamizike kufunsa mayi ake tanthauzo. Zonse, pamodzi ndi tiyi ndi bisiketi, ndinaponya mapaundi 2 m'chitini cha pakhomo. Mdzukulu wanga atatsegula envulopu anafunsa kawiri konse kuti, "Agogo, mwapanga nokha?"

Masiku otsalawo anatha ndi mvula, mabasi ndi kuchezera abale. Koma maganizo anga anali kwathu, ndipo ndinene mosabisa kuti zinandinyansa. Tikusowanji ife? Mphira imalimidwa ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay. Ku Blantyre a bungwe la PAMET akhala akupanga mapepala ndi manja kuchokera ku mapepala otha ntchito, ena osakaniza ndi ndowe za njovu, ndipo alendo amawagula mokondwa. Amisiri osema zidindo alipo m'matauni mwathu, anthu a manja okhazikika omwe amatha kusema tizilembo ting'onoting'ono chagada ndi kampeni kokha. Maluwa ndiye osanena: jakaranda wofiirira m'misewu ya Blantyre mu Okutobala, mpendadzuwa m'minda, maluwa a orchid a ku Nyika omwe mitundu yake imafika pafupifupi 200. Chikhalirecho makhadi ambiri a m'masitolo mwathu ndi ochokera kunja, a zithunzi za maluwa omwe ana athu sanawaonepo.

Nditangobwerera ku Lilongwe ndinapita kwa mmisiri wina wa zidindo ku Old Town ndi chithunzi cha mpendadzuwa chomwe ndinajambula. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Mayi, dzina la ofesi tilemba pati?" Nditamuuza kuti palibe ofesi, ndi duwa basi, anapukusa mutu, anatchula mtengo wake, n'kunena kuti ndikachitenge Loweruka.