Dzino la kipa wathu

Tili ana kuno kwa Mphuka, dzino likayamba kugwedera sinali nkhani yodetsa nkhawa. Ambuye anali kulimanga ndi ulusi, kukoka kamodzi, basi lazuka. Kenako anali kutituma kuti tikaliponye padenga kuti pamere lina labwino, ndipo linali kumeradi. Tinakula tikudziwa kuti dzino likachoka limabwera lina. Palibe amene anatiuza kuti zimenezi zili ndi polekezera.

Ife tinadziwira pabwalo la bola, tili giredi 9. Linali Loweruka m'nyengo ya masau, ndipo tinali kumenya ndi anyamata a m'mudzi wina wa kumtunda. Bwalo lathu mukulidziwa: lopanda udzu, louma gwa ngati njerwa, magolo ake a mitengo ya mupani. Kipa wathu anali mnyamata wamtali, wolongolola kuposa tonse. Akakhala kuti sali pagolo, anali kukwera pachulu ndi kuulutsa masewero motsanzira malemu Dennis Liwewe, mpaka azimayi ochokera kumjigo anali kutula ndowa kuti amvetsere. Tonse tinali kunena kuti uyu adzathera pa wailesi.

Chakumapeto kwa masewero adani anapeza kona. Kipa anadumphira mpira pansi, ndipo bondo la mnyamata wina linamupeza pakamwa. Atadzuka, magazi anali kuyenderera pachibwano. Dzino limodzi la kutsogolo, la m'mwamba, linali m'fumbi lathunthu. Tinalizungulira tikudabwa kutalika kwa muzu wake, poti mano amene tinali kuponya padenga analibe muzu wotero.

Zimene tinachita tikuzikumbukira bwino. Mmodzi wa ife analitola, nalipukuta ndi malaya. Wina anathamanga nalo kumjigo, nalikwecha ndi chala mpaka linayera mbee. Tinalikulunga m'pepala la m'kope ndi kumuikira m'thumba la kabudula. Mwini wake anachukucha m'kamwa, nakhala pansi pa mtengo, ife ndi kuika kipa wina kuti timalize masewero. Pofika kunyumba dzuwa linali litapendeka, ndipo kuno munthu sayenda mumsewu madzulo chifukwa cha njovu. Amayi ake anangoti, “Mwanawe, ugone, tidzaona kukacha.” Kukiliniki anapita Lolemba. Anamubaya jekeseni, namupatsa mapilitsi, koma atatulutsa kapepala kaja anamuuza kuti dzinolo linafa kale.

Bala linapola m'masabata awiri. Chimene sichinapole ndi pakamwa pake. Anzathu anayamba kumutcha Magweru, ndipo ifenso tinali kuseka nawo. Akamalankhula, mawu ena anali kutuluka ndi kamluzu. M'kalasi analeka kukweza dzanja. Pachulu paja sanakwerenso. Lero amagula nsomba kwa asodzi a ku Feira ndi kukagulitsa ku Luangwa Bridge, ali ndi banja lake, ndipo sadandaula. Koma akamaseka amaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo pa wailesi tinathera ndife, amene tinali kungomvetsera pansi pa chulu.

Patapita zaka zambiri, tikugwira ntchito yodzipereka pa wailesi, tinalandira mlendo pa pulogalamu ya zaumoyo, mayi wodziwa za mano. Womvera wina anatumiza funso la mwana wake amene anagwa panjinga. Mayiwo anayankha modekha kuti dzino la munthu wamkulu likazuka lathunthu lingathe kubwezeredwa pamalo pake ndi kugwiranso, malinga ngati anthu achita changu. Mu situdiyo tinangoyang'anana.

Anafotokoza motere. Munthu amamera mano kawiri kokha: 20 aubwana, kenako 32 aukulu. Akutsogolo aukulu amamera mwana ali ndi zaka zapakati pa 6 ndi 8, choncho mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale alibenso ena odikira m'nkhama. Pa muzu wa dzino pali kamnofu kopyapyala kamoyo, kamene kamalumikiza dzino ku fupa la nsagwada. Kamnofuko kakauma kamafa, ndipo pakatha ola limodzi dzino lili pouma, mwayi umakhala utachepa kwambiri. Kukwecha kumakachotseratu. Ndiye kuti ife, ndi mtima wathu wonse wofuna kuthandiza, tinalipha dzino lija kawiri: kumjigo ndi m'pepala.

Zoyenera kuchita n'zochepa moti mwana wa giredi 7 angazisunge pamtima. Dzino ligwireni kumutu, kumene timatafunira, osati kumuzu. Ngati lili ndi dothi, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi oyera, osalikwecha, osalipaka sopo. Ngati wovulalayo ali maso ndipo akumva bwino, libwezereni m'dzenje lake moyang'anitsa mmene linalili, ndipo alume kansalu koyera kuti lisasunthe. Zikakanika, lisungeni ponyowa: mumkaka, m'malovu a mwini wake atalavulira m'kabotolo, kapena mu ORS, amene ambiri timawatcha madzi a moyo. Madzi wamba si osungiramo dzino, pepala ndi thumba ndiye ayi. Mukatero pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, kuti akalimangirire ku mano anzake kwa masabata ngati awiri ndi kuona za katemera wa kafumbata. Dzino laubwana lokha ndilo silibwezeredwa, chifukwa lingawononge lalikulu limene likubwera pansi pake. Ndipo ngati mwana wakomoka, akusanza kapena wasokonezeka mutu, yambani mwathamangira za mutuwo.

Malangizowa ndi a dziko lonse, koma kuno ku Luangwa amalemera mwapadera. Mwana wa ku Kabulonga akagwa pabwalo, galimoto imamufikitsa kwa dokotala wa mano tiyi asanazizire. Ife tili kumapeto kwa msewu, pamene Luangwa athira mu Zambezi, Zumbo ili tsidya ili, Kanyemba tsidya linalo, ndipo Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 300. Ngakhale kufika ku Boma kapena ku Katondwe kuchokera m'midzi ina kumafuna njinga yamoto ndi ndalama ya mafuta. Ola loyamba lija, limene limagamula zonse, limathera m'manja mwa amene ali pabwalo: aphunzitsi a zamasewero, akochi, woimba pinto ndi ana anzake. Tsiku lija anthu amenewo tinali ife.

Kuteteza kuliponso. Tonse tinaonera Esther Phiri pa TV akumenya nkhonya, ndipo tinasangalala pamene Catherine Phiri anatenga lamba wa WBC mu 2016. Palibe wa iwo amene anakwera m'bwalo wopanda gumshield, kapulasitiki kofewa kovala ku mano a m'mwamba. Pa nkhonya timaona kuti n'zoyenera, koma pa bola ndi netball timaiwala kuti chigongono, bondo ndi mutu wa mnzako zimamenya chimodzimodzi, ndipo amene amayamba kulandira ndi mano akutsogolo a m'mwamba. M'masitolo a zamasewero ku Lusaka muli ma gumshield oviika m'madzi otentha: ukaviika amafewa, ukawaluma amatenga maonekedwe a mano ako. Aliyense akhale ndi yake, osabwerekana, ndipo izitsukidwa akamaliza kusewera.

Tikudziwa zimene makolo anganene, chifukwa ena a ife ndife makolo tsopano. Mwana alibe nsapato za bola, ndiye tiyambe ndi pulasitiki ya m'kamwa? Funso limeneli n'lomveka. Sitikunena kuti timu yonse ivale mawa. Koma amene amaika nkhope pamene ena aika mapazi, monga makipa, ndiwo tingayambe nawo, ndipo mtengo wa gumshield sungafanane ndi wa dzino loikirira pamodzi ndi ulendo wa ku Lusaka. Vuto lina ndi kusekana. Mnyamata woyamba kuvala adzatchedwa maina. Apa ndi pamene akochi ayenera kulankhula, chifukwa ana amamvera kochi kuposa wailesi.

Palinso ana ovala mawaya owongola mano. Kale tinali kuwaona pa TV pokha, koma masiku ano patchuthi amabwera adzukulu ochokera ku Lusaka ali ndi tizitsulo m'kamwa, ndipo amalowa m'masewero ndi anzawo. Chaka chatha mwana wa mlongo wa mmodzi wa ife anamenyedwa ndi mpira wa netball pakamwa. Mano sanazuke, koma tizitsulo tinang'amba mlomo m'kati, ndipo waya wina unatuluka ndi kumamubaya tsaya mpaka anabwerera kutauni tchuthi chisanathe. Mwana wotere amafunika gumshield yopangidwira mawaya, yokhala ndi malo okwanira, chifukwa mano ake akusuntha mwezi ndi mwezi. Inu amene mumatitumizira ana patchuthi, funsani dokotala amene anaika mawayawo, ndipo muike chotetezeracho m'chikwama pamodzi ndi mswachi.

Pempho lathu kwa masukulu ndi matimu a m'midzi ndi laling'ono. M'thumba la mipira muzikhala paketi ya ORS, botolo la madzi oyera, kabotolo kotsekeka ndi kansalu kochapa. Masewero asanayambe, wamkulu mmodzi atenge mphindi zisanu kuuza ana zochita dzino likagwa. Ndiponso tileke kupatsa ana maina chifukwa cha chilema chimene apeza akusewerera mudzi wathu.

Kipa wathu tinamufotokozera zonsezi tsiku lina tikudikira basi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Ndiye kuti mukanangolibwezera, amwene?” Tinavomera. Anakhala chete pang'ono, naseka dzanja lili pakamwa, nati tinali ana, panalibe amene anali kudziwa. Tinamupempha kuti abwere ku situdiyo adzafotokoze yekha, koma anakana. Chimene anavomera n'chakuti pa mpikisano wa pa 24 Okutobala adzabwera kubwalo. Mwana wake woyamba ndiye ali pagolo chaka chino, ndipo thumba la mipira adzanyamula ndi atate ake.