Kope langa la Chingerezi

Meyi, Lamlungu madzulo

Ndagula kope pa Bereu kuti ndizilembamo mmene zikundiyendera ndi Chingerezi, chomwe ndachiyamba ndevu zitatuwa kale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, kalasi imene masiku amenewo aphunzitsi ankasiyira Chichewa n'kuyamba kuphunzitsa zonse m'Chizungu. Fizi inasowa. Pamene boma linkachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ine n'kuti ndili kubusa ndi kuminda ya thonje, ndipo zokakhalanso pansi ndi tiana ndinaziona zamanyazi.

Chandidzutsa ndi mapepala. Chiyambire Phata mu 2011, pomwe alimi a kuno kwa Maseya anaphatikiza minda n'kuyamba kulima nzimbe zopita ku fakitale ya Illovo ku Nchalo, nkhani ya munda siitheranso pa khasu. Pali misonkhano, pali malipoti, pali zosaina. Kwabweranso ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, pamodzi ndi kalembera wa malo. Atsogoleri amatimasulira pamisonkhano, sindikudandaula ayi. Koma pepala lonena za munda wanga ndikufuna ndiziliona ndi maso angawa.

Aphunzitsi ena opuma ntchito, omwe timapemphera mpingo umodzi, avomera kumandithandiza Lachinayi lililonse pansi pa nimu wa pakhomo pawo. Za malipiro anakana kukamba. Ndidzawapatsa nkhuku.

Juni, Lachinayi

Lero ndatuluka thukuta kunja kukuzizira. Aphunzitsi ananena mawu awiri, ship ndi sheep, n'kundifunsa kusiyana kwake. Ndinati palibe. Anabwereza pang'onopang'ono, ine ndikumva chimodzimodzi. Kenako anaonjeza hat, hut, heart ndi hurt, ndipo m'khutu mwangamu onse anali "hati".

Anandikhazika mtima pansi. Akuti Chichewa chili ndi malembo a liwu asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka mmene lalembedwera. Chingerezi chimalemba asanu omwewo koma pakamwa chimatulutsa maliwu oposa khumi. Ndiye khutu lomwe lakula ndi asanu limangotenga liwu lachilendo lija n'kuliponya kwa lomwe lili pafupi. "Achimwene, vuto si mutu," anatero. "Khutu lanu lili ndi zizolowezi zake."

Mawu amenewa ndawasunga, chifukwa zaka zonsezi ndimadziyesa mbuli. Chonsecho ine yemweyo kunyumba ndimayankhula Chimang'anja, kutchalitchi ndimawerenga Chichewa cha m'Buku Lopatulika, ndipo pamsika wa Nchalo ndimanenerera mtengo m'Chisena mpaka kumaliza ndi "takhuta". Palibe anandigwirira choko pa zimenezi. Ndinkangomva tsiku ndi tsiku, ndipo ndikalakwitsa anthu ankapitiriza malonda awo. Chingerezi chokha ndicho munthu amachiphunzira anthu atamutchera khutu kuti aseke.

Juni, Loweruka

Nkhani ya l ndi r. Kwathu kuno awiriwa ndi liwu limodzi. Polemba timaika r pambuyo pa e kapena i, monga mu "kulira" ndi "mbiri", kwinako l, koma wina atanena "kulila" palibe angasochere. Ku Chingerezi play ndi kusewera, pray ndi kupemphera. Aphunzitsi akuti pa l nsonga ya lilime igunde kuseri kwa mano akumwamba, pa r isagunde paliponse. Ndakhala ndikuyeserera panjinga popita kudimba. Amayi ena otunga madzi anandiyang'ana mpaka ndinazimiririka.

Palinso th ndi ph. Ife tikaona "phala" kapena "thonje" timatulutsa mpweya wamphamvu pa p ndi pa t. Iwo phone amayamba ndi f, ndipo think amamutchula lilime lili pakati pa mano. Ameneyu ndamusiya kaye.

Julayi, Lolemba

Chomwe chandisangalatsa sabata ino n'chakuti Chingerezi china ndinali nacho kale m'kamwa osadziwa: sukulu, buku, sitolo, supuni, buleki. Makolo anachitenga n'kuchiveka malembo a liwu, poti mawu a Chichewa sathera pa lembo louma. Tsono ntchito yanga ndi kuvula zomwe anavekazo. Sukulu abwerere ku school, mapeto ake pakamwa patsekeke. Kunena n'kosavuta, koma lilime limafuna kuonjezera ka "u" kumapeto, ndipo ndikaligwira limaonjezera ka "i".

Manambala nawo timawerenga m'Chingerezi kuyambira kale. Ndani amati "makumi asanu" pogula mbuzi pa Dyeratu? Koma fifteen ndi fifty ndi msampha, ndipo n'chifukwa chake pamsika timafunsana kuti "wani faifi kapena faifi ziro?" Lero ndadziwa chinsinsi chake: pa fifteen mawu amalemera kumapeto, pa fifty amalemera koyambirira. Phunziro limeneli lokha ndi la nkhuku yathunthu, chifukwa ndi la ndalama.

Julayi, Lachinayi

Galamala. Apa ndiye pali ntchito.

Ife nthawi timaiika m'kati mwa mawu: ndinapita, ndimapita, ndidzapita. Tsinde silisuntha. Aphunzitsi anandiuza kuti pa zakale ndiziika ed kumapeto, ndipo ndinakondwa kuti lamulo lake ndi lachidule. Ndisanamalize kukondwako anatulutsa mndandanda wa mawu okana lamulolo: go amasanduka went, buy amasanduka bought, cut amangokhala cut. Ndinafunsa chifukwa chake. Anati palibe chifukwa chomwe chingandithandize, ndingoloweza. Ndipo okana lamulowo ndi omwe munthu amawafuna tsiku lililonse, kudya, kupita, kugula, kuona.

Ndiye pali he ndi she. Ife "iye" amakwanira mwamuna ndi mkazi yemwe. Mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 3, anagwa nako kuseka nditawatchula amayi ake kuti he. "Atsibweni, amayi mwawameretsa ndevu!" Ndinaseka nawo, koma usiku ndinakhala ndi kope mpaka tochi inafooka.

Za a ndi the sindilemba zambiri. Ndimangowaza, pena zimagwera pamalo pake.

Koma chimodzi sindinagwirizane nacho, ndipo ndilembe pano. Chingerezi chimati you kwa mwana, you kwa apongozi, you kwa Gogo Chalo. Ndinayesa kuwauza aphunzitsi you ndipo m'kamwa munandiwawa ngati ndawatukwana. Iwo akuti ulemu wake uli m'mawu ena, monga please, could you ndi excuse me, komanso m'kamvekedwe ka mawu. Ndamva, ndipo ndiziwagwiritsa ntchito. Komabe pa nkhani ya ulemu, chinenero chathu chinaposa.

Ogasiti

Kope lakhala m'thumba la jekete osatsegulidwa. Kudimba kunali ntchito, kunagwa maliro awiri pamudzi, ndipo kunena zoona ndinagwa ulesi. Pa maliro ena kunabwera achibale a ku Blantyre, ana awo akuthyola Chizungu chotulukira m'mphuno. Ndinayesa kutchera khutu, sindinatolepo kanthu koma yes ndi okay. Ndinabwerera kunyumba ndikudzifunsa kuti miyezi yonseyi ndimatani.

Aphunzitsi anabwera okha kudzandiona. Sanandikalipire. Anangoti Chingerezi cha m'kope ndi cha m'khutu zimakula mosiyana, ndipo chachiwiricho chimafuna kumva anthu akuyankhula, ngakhale usakumva zonse.

Sepitembala, Lachiwiri

Njira yomwe anandipatsa ikugwira. Ndimamvera nkhani za m'Chichewa pa MBC kapena pa Zodiak, kenako ndimadikira za m'Chingerezi. Poti nkhaniyo ndaidziwa kale, mawu amayamba kudziulula okha. Umu ndi mmene ndagwirira prices, fuel ndi court. Mawu a zanyengo ndiwo ndawaika patsogolo: flood, warning, heavy rain, evacuate. Ife a m'chigwa cha Shire amene tinaona namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 sitifunika kuuzidwa kufunika kwake. Machenjezo amabweranso m'Chichewa, inde, koma uthenga wina wa pa WhatsApp umafika m'Chingerezi, ndipo madzi sadikira womasulira.

Ndasiya kuloweza mawu a m'buku la mwana wa mlongo wanga mwachisawawa. Ndikutola omwe ndimakumana nawo. Pa zikwangwani za mumsewu wa M1, pa thumba la feteleza, pa botolo la mankhwala a mbewu pomwe alemba dosage ndi keep away from children, pa mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba onena za balance. Kumbuyo kwa kope ndatsegula tsamba la mawu a kumunda: harvest, tonnes, loan, interest, deduction, dividend. Aphunzitsi ali ndi mtanthauziramawu wa Steven Paas wa Chichewa ndi Chingerezi, ndipo amandibwereka Loweruka n'kubweza Lamlungu kutchalitchi.

Pa kubwereka pomwepo, borrow ndi wolandira, lend ndi wopereka. Pa pepala la ngongole ndi bwino kudziwa kuti iwe ndiwe uti.

Okutobala, Lachinayi

Kwatentha moti phunziro tinaliyamba dzuwa litapendeka. Tinakamba za mafunso okana. Munthu akandifunsa kuti "Simunadye?" ndimati "Eya", kutanthauza kuti sindinadye. M'Chingerezi ukayankha yes pa funso lotere ndiye kuti wadya, ndipo mbale ikudutsa. Aphunzitsi akuti njira yopulumukira ndi kuyankha chiganizo chonse, No, I have not eaten, osangoti yes kapena no.

Pomwe ndafika ndi apa. Uthenga wa pafoni ndimawerenga ndekha. Pepala la tsamba limodzi ndimalimva mwina theka, ndipo theka linalo ndimadziwa pofunsa. Kulemba ndimalemba ziganizo zifupizifupi. Kuyankhula ndiye kukadali kumbuyo kwenikweni: mawu amabwera munthu uja atapita kale. Alendo opita ku Majete ndi ku Lengwe akaima pamsewu kugula madzi, ndimakonza moni m'mutu, galimoto n'kunyamuka ndisanatsegule pakamwa.

Pansi pa nimu paja tsopano tilipo angapo. Kwabwera amayi awiri a gulu la banki mkhonde ndi mnyamata wa kabaza yemwe analephera Chingerezi pa mayeso a Fomu 4, choncho satifiketi ya MSCE sanaipeze ngakhale maphunziro ena anakhoza. Akufuna kudzalembanso. Tonse timaphotchola, ndipo tinapangana kuti pamenepo palibe kusekana.

Inu amene Chizungu munachipeza muli ana, mukamva munthu wamkulu akuphotchola pamsonkhano kapena pamsika, mudikireni amalize zomwe akunena. Mukatero mutengereni pambali, mumuuze mmene amanenera.