Ulendo wa ku Limbe pa Galimoto ya Batire Lotopa

Mzinda wa Blantyre suli pa chidikha. Aliyense amene anauyendapo ndi miyendo adziwa kuti ukatsika chigwa chimodzi, chitunda china chimakhala chikukudikira patsogolo. Mbali ina kuli phiri la Michiru, mbali ina la Ndirande, kumwera kuli Soche, ndipo kuseri kwa Limbe kuli Mpingwe ndi Bangwe. Amishoni a ku Scotland atakhazikika pano mu 1876, katundu ankayenda pamitu ya amtengatenga. Limbe anakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. Zitunda zomwezo zimene zinkalemetsa mawondo a makolo athu, lero zikuyesa mphamvu za mtundu watsopano wa galimoto umene wadzaza m'misewu yathu.

Tikunena galimoto zija zimakufika kumbuyo mwakachetechete ngati mphaka, zimene azitcha kuti hybrid chifukwa zimayendera petulo ndi magetsi omwe. Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan mu 1997, ndipo kumapeto kwa 2011 inatulutsa Aqua, kagalimoto kamene mukaima pa Victoria Avenue simutha mphindi zambiri musanakaone. Zambiri zimabwera kuno zitagwira kale ntchito kwawoko: zimatsika pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Mabanja ambiri anazikonda chifukwa zimamwa mafuta pang'ono, makamaka mafuta atayamba kusowa mu 2022, ndiponso kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komatu galimoto ikamafika pa Songwe, batire lake limakhala litadya kale zaka zambiri za moyo wake.

Mwana wathu wamkazi ndi mwamuna wake, amene akhala ku Bangwe, ali ndi Aqua ya chaka cha 2013. Ndiyo imanyamula zidzukulu zathu popita kusukulu, ndiyonso imatengera agogo awo ku chipatala cha Queen Elizabeth tsiku lokaonana ndi dokotala likakwana. Mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo ndipo mizere ya galimoto ili mbwee pa malo omwetsera mafuta, mkamwini wathuyo anatipeza m'tauni nkhope ili yakugwa. "Bambo, galimoto ija yayamba kumwa mafuta ngati lole," anatero, "ndipo patsogolo pakuyaka uthenga wochenjeza. Anzanga akuti batire latha." Ndalama zimene banjalo linali nazo ndi zimene linasunga zogulira malata a nyumba imene likumanga ku Machinjiri. Tinagwirizana kuti tisanatulutse ngakhale tambala, tiyambe tayenda nayo ndi kuona ndi maso athu.

Kuti mumvetse zimene tinaona, awerengi okondedwa, tiyambe tafotokoza za m'kati mwake. Aqua ili ndi mabatire awiri, onse pansi pa mpando wakumbuyo. Laling'ono, la mavoliti 12, ntchito yake ndi kudzutsa makompyuta ndi kuyatsa nyali. Lalikulu ndi mtolo wa timabatire 20 tolumikizidwa mondondozana, kalikonse ka mavoliti 7.2, ndipo pamodzi timapereka mavoliti 144. Mu Prius ya zaka za 2009 mpaka 2015 timabatireto tilipo 28. Batire lalikululi ndilo limayendetsa mota pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, limathandiza injini pa chitunda, ndipo ndilonso limaliza injiniyo. Woyendetsa akaponda mabuleki potsetsereka, motayo imasanduka chopangira magetsi nkubwezera mphamvu m'batire. Choncho mzinda wa zitunda ndi zigwa ngati wathuwu umapatsa batire ntchito yodzaza ndi kukhuthula tsiku lonse.

Tinanyamukira pafupi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija anamanga ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891. Potsikira ku Clock Tower, timizere tosonyeza mphamvu ya batire patsogolo pa woyendetsa tinakwera msangamsanga mpaka kudzaza. Munthu wosadziwa akadakondwa, koma kudzaza msanga kotero ndi chizindikiro cha matenda. Chidebe chimene chadzaza matope mpaka pakati sichichedwa kusefukira ukamatungiramo madzi, ndipo sichichedwanso kuuma.

Titawoloka mtsinje wa Mudi tinalowa mu msewu waukulu wa Masauko Chipembere. Pa Ginnery Corner panali mdipiti wa maminibasi, njinga zamoto za kabaza ndi anthu odzazonda odwala. Pamalo ngati amenewa galimoto ya hybrid yathanzi imazimitsa injini nkumakwawa ndi magetsi okha, ndipo mpamene imapulumutsira mafuta. Yathuyi inakana. Injini inkangolira osapuma, pakuti kompyuta inkaona kuti batire lilibe choperekapo. Pokwera ku Chichiri, tisanafike ndi pa bwalo la masewero la Kamuzu pomwe, timizere tija tinagwa mpaka kutsala tiwiri, ndipo galimoto inalemera ngati yasenza matumba a simenti. Pa Maselema tinayamba kumva mkokomo pansi pa mpando wakumbuyo: chinali chokupizira mphepo chimene chimaziziritsa batire, chikuzungulira ndi mphamvu zake zonse.

Limbe ndi tauni ya malonda. M'misewu yake yopanikizana muli masitolo a nsalu, a zitsulo ndi a zipangizo za galimoto, ndipo pakhonde lililonse pali wina wokuitana. Tisanatsike nkomwe, mnyamata wina anasuzumira pawindo, naona uthenga wochenjeza uja. "Madala, musavutike," anatero, "timangochotsa kabatire kamodzi kakufako nkuikapo kena, madzulo ano muzipita." Pa sitolo ina anatiuza kuti tigule batire lonse tsiku lomwelo, ati mawa mtengo ukwera. Onse awiriwa ananena matenda ndi mankhwala ake asanatsegule ndi chitseko cha galimoto chomwe. Akulu anati safunsa anadya phula. Tinawathokoza mwaulemu, ndipo tinabwerera ku Chichiri nkukhotera mu msewu wa Makata, kulunjika ku Ndirande, kumene tinamva kuti kuli makaniko wina wodziwa za magetsi a galimoto zotere.

Ku Ndirande nyundo sizigona. Kumeneko mbaula, ndowa, mafelemu a mawindo ndi mageti zimabadwa kuchokera ku zitsulo zimene ena anataya. Galaja imene tinkafunayo inali kuseri kwa mpanda wa malata, ndipo mwini wake anali bambo wofatsa, wosafulumira kuyankhula. Anayamba ndi batire laling'ono lija, natifotokozera kuti likafooka limasokoneza makompyuta, galimoto nkumachenjeza za matenda amene ilibe, ndipo anthu ena agulapo batire lalikulu pamene lolakwa linali laling'ono. Lathu linali bwino. Kenaka analumikiza kamakina kopimira kunsi kwa chiwongolero, ndipo panatuluka nambala yakuti P0A80, imene Toyota amagwiritsa ntchito ponena kuti batire lalikulu lafooka.

"Aphunzitsi," anatero, "nambalayi ili ngati kumva kuti kalasi lalephera mayeso. Tiyeni tione malikisi a mwana aliyense." Kompyuta ya galimotoyi imayang'anira timabatire tija tiwiritiwiri, motero pa kamakinako panaoneka magulu khumi. Galimoto itangoima, onse ankaoneka ofanana. Koma titakwera nayo kachitunda kolowera kuphiri, gulu limodzi linagwa ndi voliti yoposa imodzi kusiyana ndi anzake, lina linalitsatira pafupi, ndipo otsalawo anali obalalika ndithu. Batire lodwala limabisala likamapuma; limaululika likasenza katundu.

Atachotsa mpando, tinaona gwero lina la vutoli. Pakamwa polowera mphepo ndi pa mapiko a chokupizira chija panali fumbi lofiira la misewu ya ku Bangwe, losakanikirana ndi ulusi wa zovala ndi tizidutswa ta mapepala a masiwiti. Mdani wamkulu wa batire lotere ndi kutentha. Mphepo yoliziziritsa imachokera m'kati mwa galimoto momwemo, choncho chikwama kapena chitenje chikatseka pakamwapo, kapena galimoto ikakhala padzuwa la Okutobala tsiku lathunthu mawindo ali otseka, batire limapsa pang'onopang'ono mwini wake osadziwa.

Tinaonanso mmene bamboyo anadzisamalira. Anavala magolovesi ochindikala a mphira, anazula pulagi yachitetezo ya mtundu wa lalanje, nadikira mphindi khumi asanakhudze kanthu. Mawaya onse a mtundu wa lalanje m'galimoto zimenezi amanyamula magetsi okhoza kupha munthu. Inu anyamata amene mumakonda kutsegula wailesi ndi mafoni kunyumba, apa pokha musayese.

Tsono anatiyalira njira zitatu. Yoyamba, kusintha timabatire tofookato tokha. Ndi yotsika mtengo, koma ili ngati kumanga ng'ombe yamphamvu pa goli limodzi ndi nkhalamba: ngolo imayenda mokhota, ndipo pakapita miyezi kabatire kena kakale kamagwanso. Yachiwiri, kugula batire lathunthu lochotsedwa m'galimoto ina yocheperapo zaka. Yachitatu, kugula latsopano, limene limakhalitsa koma mtengo wake umaposa malipiro a mphunzitsi a miyezi yambiri. Sanatikakamize. Anangoti ngati tisankha yachiwiri, batirelo alipime ife tikuona, pa chitunda chomwe chija, ndipo wogulitsa alembe pa pepala miyezi imene adzalibweza likavuta.

Madzulo ake tinakhala pansi ku Bangwe, ife ndi mayi a kunyumba, mwana wathu ndi mwamuna wake. Nkhani inali yolemera, pakuti mvula inali pafupi ndipo nyumba ya ku Machinjiri inali yosafolera. Mwana wathu ndiye anadula mlandu. "Bambo, nyumba ikhoza kudikira chaka," anatero, "koma agogo sangakwere minibasi kawiri kuti akafike ku chipatala." Anasankha njira yachiwiri. Mabatire awiri anapimidwa. Loyamba linakanidwa chifukwa magulu ake anali osiyana, lachiwiri linalandiridwa. Chokupizira chinatsukidwa, ndipo tizitsulo tamkuwa tolumikiza timabatire, timene timachita dzimbiri lobiriwira, tinapalidwa mpaka kuwala. Batire lakale tinalisiya kwa makaniko. Muli mankhwala owotcha khungu, ndipo siliyenera kutayidwa kudzala kumene ana amasewera, kapena m'ngalande zotsikira mu Mudi.

Kwa inu makolo amene muli ndi galimoto yotere, kapena mukulingalira zoitanitsa, mawu athu ndi ochepa. Funsani chaka chimene inapangidwa, ndipo muziika padera kangachepe mwezi ndi mwezi, podziwa kuti mafuta amene mukupulumutsa lero mbali ina ndi ngongole ya batire la mawa. Iimikeni pamthunzi, musatseke polowera mphepo, ndipo musaisiye miyezi osailiza. Ikayamba kudwala, musalipire munthu amene sanaipime.

Kwa inu achinyamata, taonani kuti mumzinda wodzaza ndi amakaniko tinachita kudutsa Limbe yense kufunafuna munthu mmodzi wodziwa kuwerenga mavoliti. Pa msewu womwe uja wa Chipembere pali sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, kumene amaphunzitsa za magetsi ndi makina. Masamu a madesimali amene mumawaona ngati chilango ku pulayimale ndi omwewo amene bambo a ku Ndirande aja anagwiritsa ntchito posiyanitsa batire labwino ndi lakufa. Galimoto zimenezi zikuchulukirachulukira, zonse zikukalamba, ndipo eni ake adzafuna anthu a manja aluso amene amanena zoona.